Dzanja la a Musandiuze

Mlongo wanga ndi loya woimira anthu oimbidwa milandu, ndipo kukhoti amamutchula kuti a Musandiuze. Dzinali silinachokere kwathu ayi, analipeza yekha ndi dzanja lake lamanja. Munthu akangokhala pampando n'kuyamba kuti, "Bwana, chilungamo chake n'chakuti...", dzanjalo limakwera m'mwamba ngati la wapolisi wapamsewu. "Musandiuze! Wofunsa ndine, inu muziyankha zokhazo zimene ndafunsa."

Ine ndine mlembi wake, komanso ndine mchemwali wake wamkulu amene ndinkamupukuta mamina. Ndiye anthu akamamuwerama m'makhonde a khoti, ine ndimangoyang'ana kumbali kuti ndisaseke. Ndakhala pa tebulo la pakhomo la ofesi yake zaka khumi ndi chimodzi, pakati pa kabati ya mafayilo imene simatsekeka popanda kuimenya ndi bondo, ndi fani imene imazungulira ikafuna yokha. Pakakhala alendo ndimamutchula kuti a Loya. Alendo akatuluka amabwerera kukhala iwe.

Za dzanjalo anandifotokozera kalekale, ndipo zinkamveka zanzeru. Loya saloledwa kunamiza khoti. Munthu akamuuza kuti "ndinabadi", loyayo sangaimirire n'kunena kuti "sanabe", komanso sangamuike m'bokosi la mboni kuti akalumbire bodza. Koma saloledwanso kuulula zimene wauzidwa mwachinsinsi. Choncho mlongo wanga anapeza njira yachidule: asamve n'komwe.

"Chimene sindikuchidziwa sichingandinamitse, achemwali."

"Ndiye ukutsuka m'kamwa potseka makutu?"

"Inu simungamvetse. Izi ndi zamaphunziro."

Zamaphunzirozo ndinkazimva Lachitatu lililonse, chifukwa Lachinayi masana amakaphunzitsa achinyamata ophunzira zamalamulo phunziro la makhalidwe a pantchito, ndipo amayamba wayeserera pa ine. Amaima pawindo, dzanja limodzi m'thumba, n'kumalankhula ndi kabati.

"Anthu oganiza mozama anagawikana patatu. Oyamba amati chita udindo wako ngakhale thambo ligwe. Achiwiri amati yang'ana zotsatira, uike pasikelo olira ndi oseka, upite kumene kwalemera oseka. Achitatu amati usadzitopetse ndi zonsezo, ungodzifunsa kuti munthu wamtima wabwino akanatani."

"Nanga iwe uli m'gulu liti?"

"Zimatengera mlandu wake."

"Ndiye uli m'gulu lachinayi, la oyendera mphepo."

Kuyambira tsiku limenelo maguluwo ndinawapatsa mayina anga: a thambo, a sikelo ndi a mtima. Akaiwala kugula shuga wa muofesi ndinkamufunsa kuti a sikelo akuti chiyani pa nkhaniyi, poti olira tilipo awiri ndipo woseka palibe.

Mlandu wa makaniko unabwera mwezi wotentha. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi kanthu, wogwira ntchito pa galaja yoyang'anizana ndi sitolo ya mankhwala. Lachiwiri lina, cha m'ma 3 koloko masana, njinga yamoto inasowa pakhomo pa sitoloyo. Mtsikana wogulitsa mankhwala anati anaona munthu wa ovololo yabuluu akuikankha. Apolisi atawoloka msewu, makaniko anawauza kuti nthawi imeneyo anali pansi pa galimoto. Koma mwini galaja anati ayi, munthuyu Lachiwiri lililonse amasowa kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, ndipo sanena kumene amapita. Basi, unyolo. Belo anamukaniza poti njingayo inali isanapezeke. Akanapezeka wolakwa, zinali zaka zitatu kundende.

Mlongo wanga atakamuona koyamba ku rimandi, kundende ya oyembekezera mlandu, anabwerera akuimba mluzu.

"Pang'onong'ono andiwonongere mlandu. Ati, 'Bwana, kupolisi kuja ndinanama.' Ndamugwira pakamwa nthawi yabwino."

"Ananama chiyani?"

"N'chimenetu sindikufuna kudziwa. Iyeyo akhala chete. Ine ndikagwedeza mtsikana uja basi. Theka la amuna a mumsewu umenewo amavala ovololo yabuluu."

Anapitakonso kawiri, ndipo kawiri konseko dzanja linagwira ntchito yake. Ankabwerera wonyada ngati wazimitsa moto.

Mkazi wa makaniko ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kumsika kumene amagulitsa masamba. Ankakhala pa benchi ya patsogolo pa tebulo langa, chikwama pamiyendo, n'kuyamba nkhani imodzimodzi.

"Amuna anga si anthu wamba, mayi. Ndi ophunzira. Nyuzi amagula Loweruka lililonse. Ine sukulu sindinapondeko, koma pakhomo pathu kalata siigona yosawerengedwa. Akangovala magalasi aja, ana onse zii. Munthu wotero n'kuba njinga?"

Kunena zoona ankanditopetsa. Ndinkatayipa mwamphamvu kuti aone kuti ndili ndi ntchito, koma iye ankangokweza mawu. Komabe tsiku limene anachedwa kubwera, ndinapezeka ndikusuzumira pawindo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, mtsikana wa mankhwala anaima m'bokosi. Mlongo wanga anamugwedeza ndi mafunso ola lathunthu, koma mtsikanayo anali ngati chitsa. "Ndimawaona tsiku lililonse, bwana. Msinkhu ndi womwewo, kayendedwe ndi komweko." Woweruza analemba zambiri. Titatuluka, kolala ya a Loya inali itanyowa, ndipo mluzu unali utathawa. Anandipatsa pepala lopemphanso belo kuti ndikasainitse makaniko, iye n'kuthamangira mlandu wina m'chipinda chapamwamba.

Kachipinda kosungiramo akaidi kali kuseri kwa khoti. Muli benchi ya simenti, kawindo kamodzi, ndi fungo la mankhwala okolopera. Wapolisi wa pakhomo anali kalikiliki ndi foni yake. Makaniko anaimirira nditalowa. Zikhadabo zake zinali zikadali zakuda ndi oyilo, ngakhale panali patatha masabata onsewo asanagwire sipanala. Analandira pepala ndi cholembera, n'kuyamba kufufuza posaina.

"Werengani kaye, bambo. Pepala lotayipa ine munthu sasaina asanawerenge."

"Magalasi ndinasiya kunyumba, mayi."

"Nawa anga."

Ine ndine wotero, sindithawidwa. Anawalandira n'kuvala. Magalasi anga ndi a mafelemu ofiira, achizimayi, ndipo pankhope pa bambo wandevu ankaoneka mwakuti kuseka kunandifika pakhosi. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Chala chake chinayenda mzere woyamba, chinatsika, chinabwerera, kenaka chinaima.

"Ili ndi dzina langa," anatero motsitsa mawu. "Zinazi sitinafikepo. Aphunzitsi anati mawu ataliatali tiyamba mwezi wamawa."

Kuseka kuja kunabwerera kumene kunachokera. Ndinakhala pa benchi ya simenti, ndipo poti ine ndilibe dzanja lamaphunziro, munthuyo analankhula.

Sanaphunzirepo kuwerenga. Pamene ankafunsira mkazi wake anali ndi cholembera m'thumba la malaya, mtsikanayo n'kuganiza zake, ndipo iye sanamutsutse. Kalata ikabwera pakhomo ankaitenga ngati akupita nayo kuntchito, n'kukaipereka kwa bambo wina wogulitsa nyuzi pakona. Bamboyo ankamuwerengera kawiri kapena katatu, iye n'kuloweza, madzulo n'kuvala magalasi ogula pamsika. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kenaka wanyuzi uja anamwalira, ndipo makaniko anasowa kolowera. N'chifukwa chake analembetsa sukulu ya akuluakulu, m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, Lachiwiri lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko.

"Ndiye tsiku la njingalo munali m'kalasi?"

"Ndinali m'kalasi, mayi. Aphunzitsi ali ndi kaundula."

"Abale inu! Ndiye mukuvundiranji muno?"

"Ndinayesa kuwauza bwana katatu." Anavula magalasi anga, n'kuwapukuta ndi malaya asanandibwezere. "Koma mkazi wanga asamve, chonde. Bola ndende. Kundende ndikadzatuluka ndidzakhalabe bambo wa pakhomo. Bwana okha muwauze, ngati angalole kumva."

Mawu otsirizawo anandilasa, ngakhale sankanena ine. Ndinayenda wapansi mpaka kuofesi mtima ukuwira, ndipo wanjinga wina amene anangotsala pang'ono kundigunda anamva zimene sanayembekezere kwa mayi wovala bwino.

Mlongo wanga atafika ndinatseka chitseko cha chipinda chake.

"Khala pansi. Dzanjalo ulikhalire."

"Achemwali, ngati ndi za makaniko, musandi..."

"Ndati ulikhalire!"

Anakhala, ndipo ndinamuuza zonse. Poyamba anangoti kukamwa yasa. Kenaka anadumpha, nkhope ikuwala.

"Kaundula! Mphunzitsi! Tapambana, achemwali! Mawa lomwe ndika..."

"Wakana. Ati mkazi wake asamve. Ati bola zaka zitatu."

Anakhalanso pansi pang'onopang'ono ngati tayala lophwa. Patapita kanthawi anaimirira n'kupita pawindo paja, dzanja m'thumba, ndipo ndinadziwa kuti magulu atatu aja akubwera.

"Tikatsata udindo, chinsinsi ndi cha mwini mlandu. Wakana, ndiye ndakanizidwa. Ndikhale chete, ndimuone akupita."

"Amenewo ndi a thambo. Thambolo likagwa ligwera iyeyo, osati iwe."

"Tikatsata zotsatira, zaka zitatu ndi zolemera kuposa manyazi a sabata imodzi. Mkazi, ana, ntchito, onse ali mbali imodzi ya sikelo. Ndiitane mphunzitsiyo, afune asafune."

"Manyaziwo wawayeza ndi sikelo ya ndani? Iwe unayamba wavalapo magalasi abodza zaka makumi awiri?"

Anapukusa mutu. "Nanga munthu wamtima wabwino akanatani?"

"Munthu wamtima wabwino akanamvetsera masabata asanu ndi awiri apitawo. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo wadyetsa mnzako."

Nditangonena ndinamva chisoni, chifukwa nkhope yake inabwerera kukhala ya mwana uja amene ankabisala kuseri kwa chitseko akaswa kapu. Ndipo nthawi yomweyo tinamva benchi ya kunja ikulira. Mkazi wa makaniko anali atabwera kuchokera kumsika kudzafunsa za belo.

Ine ndinaimirira. Ndinali nditaganiza kale. Ndimutengere pambali mayiyu, ndimuuze ngati mzimayi mnzanga, akalire kunyumba, mawa nkhani ithe. Ndinali nditagwira kale chotsegulira chitseko pamene mlongo wanga anandigwira mkono.

"Ayi, achemwali. Chinsinsicho si chanu, si changanso. Munthuyu tamulanda kale masabata asanu ndi awiri. Tisamulandenso pakamwa pake."

Zinandinyansa kwambiri, makamaka chifukwa ankanena zoona. Palibe chowawa ngati kukonzedwa ndi mwana amene unamubereka kumsana. Ndinatuluka n'kumuuza mayiyo kuti za belo tidziwa mawa, ndipo ndinamvetsera nkhani ya nyuzi za Loweruka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osatayipa ngakhale chilembo chimodzi.

M'mawa mwake tinapita tonse ku rimandi. M'chipinda cha alendo muli tebulo lachitsulo lokhomerera pansi ndi mipando itatu yosiyana mitundu. Mlongo wanga anasankha waufupi kwambiri, mwina mwangozi.

"Bambo, ndinakulakwirani," anatero. "Munafuna kulankhula katatu, ine n'kukutsekani pakamwa. Ndinkateteza mbiri yanga, osati inu. Pepani."

Makaniko anasowa poyang'ana. Anthu ngati iye sazolowera kupepesedwa ndi anthu a tayi. Anafotokozanso zonse, ndipo a Loya anamvetsera ola lathunthu osadula mawu, chinthu chimene sindinachionepo ngakhale pamaliro.

Kenaka mlongo wanga anamuuza mmene zinthu zinalili, mosakometsa. Popanda mphunzitsi, mlanduwo unali wovuta kupambana. Ndi mphunzitsi, khomo linali lotseguka, koma khoti ndi la aliyense, ndipo zonenedwa mmenemo zimamveka mpaka ku benchi yomaliza.

"Sindinganame m'malo mwanu, ndipo sindingaulule inu musanalole. Mukati tikhale chete, ndimenya nkhondo ndi zimene ndili nazo, ndipo pakamwa panga padzakhala potseka mpaka kumanda. Mwini chisankho ndinu."

"Simungawauze mayi a kunyumba kuti tsiku limenelo adikire panja?"

"Ndingathe kuwapempha. Koma inu mukuwadziwa akazi anu."

Makaniko anaseka, koyamba chimuonereni. Kenaka anayamba kukanda oyilo wa m'chikhadabo.

"Sabata yatha anabwera ndi kalata ya kusukulu kwa mwana wathu wotsiriza, kuti ndiwawerengere pawaya paja pamene timaonerana ndi achibale. Ndinati maso akuwawa. Sabata ino abwera nayonso." Anapumira m'mwamba. "Zaka zitatu maso akuwawa? Aitaneni aphunzitsi, bwana."

Tsiku la mlandu mphunzitsi anabwera, mayi wamng'ono thupi wa imvi, atakumbatira kaundula pachifuwa. Woimira boma anadumpha kukana, ati mboni imeneyi yatulukira kuti mochedwa chonchi. Woweruza anayang'ana mlongo wanga pamwamba pa magalasi.

"A loya, masabata onsewa munali kuti ndi umboni umenewu?"

Ndinaganiza kuti apota mawu, poti ndiye luso lake. Koma anaima chilili.

"Ndinali ndisanamvetsere munthu wanga, bwana woweruza. Anayesa kundiuza, ine ndinamuletsa. Cholakwacho ndi changa, chisagwere iye."

Maloya anzake a pa benchi yakutsogolo anayang'anizana, wina n'kutsokomola chonamizira. Ndinadziwa kuti pofika nkhomaliro nkhaniyo ikhala itazungulira makhonde onse. Woweruza analola mboniyo.

Mphunzitsi anatsegula kaundula. Pa mzere wa makaniko panali zidindo za chala, sabata ndi sabata, khumi ndi zinayi. Koma pa Lachiwiri la njinga lija panalibe chidindo. Panali dzina, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokwera phiri, zina zitagona chammbali.

"Tsiku limeneli sindingaliiwale," anatero mphunzitsiyo. "Ndi tsiku loyamba bambowa kulemba okha dzina lawo. Zinawatengera pafupifupi theka la ola. Anamaliza cha m'ma 3 koloko, ndipo kalasi yonse inawomba m'manja. Tinalipo anthu khumi ndi awiri, ndipo onse angathe kubwera."

Woimira boma anatembenuza kaundulayo uku ndi uku, anafunsa mafunso awiri ofooka, n'kukhala pansi. Makaniko m'bokosi muja anali atazolika, osayang'ana kumbuyo ngakhale kamodzi. Ine ndiye ndinayang'ana. Mkazi wake anali pa benchi yachiwiri, chikwama pamiyendo, osaphethira. Woweruza atanena kuti munthuyu alibe mlandu, anthu ena anawomba m'manja, koma iye sanasunthe.

Mwamuna ndi mkazi wake anakumana pakhonde. Makaniko anali ndi kajumbo ka zovala zake, ndipo ankaoneka ngati akufuna kubwerera m'kachipinda kaja. Ine ndinadziyesa ngati ndikukonza mafayilo pafupi, poti makutu anga sanaphunzire zamakhalidwe.

"Kalata ija ya achimwene anga, ya chaka chimene anamwalira amayi," anatero mayiyo. "Inanenadi zimene munatiwerengera?"

"Inanena zomwezo, mawu ndi mawu. Ndinaloweza njira yonse."

"Zaka zonsezi ine kumakuchapirani kansalu kopukutira magalasi." Sindinadziwe ngati akufuna kulira kapena kumumenya ndi chikwama. Anamulanda kajumbo kaja mwaukali. "Tiyeni. Tikakambirana kunyumba, ndipo musaganize kuti zatha."

Anayenda masitepe angapo ali patsogolo, kenaka anaima osatembenuka.

"Kusukulu kwanuko amalandiranso amayi?"

Yankho sindinalimve, chifukwa mlongo wanga anali atandikoka kale kuti tizipita.

Masana amenewo kuofesi ndinali nditakonzeka kumuseka mpaka dzuwa kulowa. Ndinali nditasunga nthabwala zitatu, imodzi ya gulu lililonse. Koma iye sanalowe m'chipinda chake. Anavula jekete, n'kuima patsogolo pa kabati.

"Achemwali, munditulutsire mafayilo a onse amene ndinawaimira n'kumangidwa. Kuyambira pamene tinatsegula ofesi."

"Onse? Ambiri mwa amenewo anabadi, ukudziwa."

"Sindikudziwa. N'chimene ndikunena. Sindikudziwa ngakhale mmodzi."

Ndinawatulutsa, ndipo anakwana makumi atatu ndi anayi. Tinawaunjika pa benchi ya alendo. Anawatsegula mmodzimmodzi, akupatula a anthu amene anali asanamalize zaka zawo, ndipo amenewo anakwana asanu ndi anayi. Anandipempha kuti ndilembe makalata opempha chilolezo chokawaona kundende, aliyense payekha.

Nthabwala zija ndinazimeza. Ndinakoka mpando, n'kutenga fayilo ya pamwamba. Inali ya telala wina amene ndinkamukumbukira bwino, wachibwibwi, amene ankatenga nthawi kuti ayambe chiganizo. Anali atatha kale zaka zinayi mkati.